Zilembo zinayi za “ough” zandisokonezera kalasi: kodi pali lamulo lake?

Mphunzitsi wa ku Bangula

Ndikupereka moni kwa aphunzitsi anzanga ndi makolo onse amene mumawerenga pano. Ine ndimaphunzitsa Chingerezi mu Fomu 1 ndi Fomu 2 pasukulu ina ya sekondale yoyendera kufupi ndi Bangula, ndipo chino ndi chaka changa chachiwiri pantchito. Vuto limene ndabwera nalo ndi la zilembo zinayi zokha, o, u, g ndi h, zimene zikangondondozana m’mawu amodzi kalasi yonse imasokonekera.

Sabata yatha tinkawerenga ndime yokamba za chilala ndi kusefukira kwa madzi. Ndinaisankha dala chifukwa mwana wa kuno nkhani zimenezi safunika kumufotokozera. Ambiri mwa ophunzira anga anagonapo m’makalasi ndi m’matenti pa nthawi ya namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023, ndipo mu 2024 anaona mbewu zikupserera m’minda. Tanthauzo la ndimeyo silinavute, koma kuwerenga mokweza ndiye kunali ntchito. Atafika pa mawu akuti “drought”, mtsikana wina anatchula kuti “droti” potsatira “bought” amene amawadziwa kale, mnyamata wina anati “drafuti” potsatira “rough”, ndipo wachitatu anangoima n’kumandiyang’ana. Ndivomere pano kuti inenso ndakula ndikunena kuti “droti”, mpaka tsiku lina ndinamva pa wailesi ya BBC akutchula kuti “draut”, ndipo ndinachita manyazi ndili ndekhandekha m’nyumba.

Polemba ndiye zimanyanya. Mawu akuti “though”, “through”, “thought”, “tough” ndi “thorough” amawasinthanitsa mmene afunira. M’chimangirizo chake mwana wina analemba kuti “we walked thought the water”, pomwe mnzake analemba kuti “I tough the river was low”. Ndikamachonga makope 60, zolakwika za mtundu umenewu ndimazipeza m’makope ambiri, ndipo tonse tikudziwa kuti wolephera Chingerezi salandira satifiketi ya MSCE ngakhale atakhoza bwanji maphunziro enawo.

Ndiye ndikufunsa: kodi pali lamulo lothandiza mwana kudziwa katchulidwe ka “ough” akangowaona mawuwo? Ngati palibe, inu amene mwakhalitsa pantchito mumawaphunzitsa bwanji? Ndikufunanso kudziwa chifukwa chimene eni chiyankhulochi anasungira kalembedwe kotere, pakuti ana akandifunsa ndimangoyankha kuti “Chingerezi ndi mmene chilili”, yankho limene inenso silindikhutiritsa.

Mphunzitsi wopuma wa pa Chikwawa Boma

Aphunzitsi, mwachita bwino kufunsa, ndipo musachite manyazi ndi “droti” wanuyo, chifukwa ine ndinamunena zaka zambiri kuposa inu, ndili kutsogolo kwa ana ndi choko m’manja. Lamulo limodzi lokwanira mawu onse palibe. Koma mawuwa si ambiri monga amaonekera, ndipo amene mwana wa sekondale angakumane nawo kawirikawiri sapitirira 25. Chimene ndinkachita ine ndi kuwagawa m’mabanja potsatira kamvekedwe kake, banja lililonse n’kulipatsa mawu amodzi osavuta oti akhale mwinimbumba wake.

Banja lalikulu kwambiri, limenenso muyenera kuyamba nalo, ndi la mawu othera ndi “ought”: “bought”, “brought”, “thought”, “fought”, “sought”, “ought” ndi “nought”. Onsewa amamveka ndi o wokoka, ndipo g ndi h samveka konse. Ubwino wake ndi woti asanu oyambawo ndi aneni a nthawi yapita, ochokera ku “buy”, “bring”, “think”, “fight” ndi “seek”, choncho mumawaphunzitsa limodzi ndi galamala popanda kuwononga nthawi ina yapadera. Apa ndi pamene pali kalamulo kokhako kamene ndingakupatseni molimba mtima: mukaona t pambuyo pa “ough”, tchulani o wokoka. Pa mawu amene ana athu amakumana nawo, ophwanya kalamuloka ndi amodzi okha, “drought” wanu uja. Ine ndinkauza ana kuti chilala sichimvera lamulo la munthu aliyense, ndipo sankaiwala.

Pomwepo pali msampha wina. “Caught” ndi “taught” amamveka chimodzimodzi ndi “bought”, koma amalembedwa ndi a. Mwana ayang’ane mneni kumene wachokera: mu “catch” ndi “teach” muli a, ndiye a ameneyo amapita nawo ku “caught” ndi “taught”, pamene mu “buy”, “bring”, “think”, “fight” ndi “seek” mulibe a. Kanzeru kameneka kanapulumutsa ana anga ambiri pa lembetso.

Banja lachiwiri ndi la “rough”, “tough” ndi “enough”, limene limathera ndi liwu la f ndipo limamveka mofanana ndi “stuff”. Pafupi nalo pali “cough” ndi “trough”, amenenso ali ndi f koma amamveka ngati “off”. Kuno kuchigwa, kumene ng’ombe zili mbwee kuyambira ku Ngabu mpaka kumunsi, chomwera ziweto si chinthu chachilendo, ndipo ine ndinkawalembetsa chiganizo chonena za ng’ombe yotsokomola itaima pa chomweracho kuti mawu awiriwo akhalire limodzi m’mutu.

Kenaka pali “plough”, “bough” ndi “drought”, omveka ngati “now”. Palinso “though”, “although” ndi “dough”, omveka ngati “go”. “Through” ali yekhayekha, amamveka ngati “too”. “Thorough” ndi “borough” amathera ndi kaliwu kofooka kongodutsa, monga a wotsiriza mu “sofa”. Mukawerenga bwino mupeza makamvekedwe 7, ndipo ena amawonjezera “hiccough”, kutanthauza ntchirichiri, koma ameneyo musavutike naye popeza masiku ano amalembedwa kuti “hiccup”.

Za kaphunzitsidwe, ine ndine wachikale ndipo sindibisa. Ndimakhulupirira lembetso. Lachisanu lililonse ndinkatenga mphindi 10, kuwerenga ziganizo zisanu, ana n’kulemba, kenaka kusinthana makope n’kuchongerana. Amene walakwitsa ankalemba mawuwo kasanu m’chiganizo chakechake, osati pawokha. Mabanja aja ndinkawalemba pa pepala lalikulu n’kulipachika kukhoma kwa teremu yonse, ngakhale kuti chiswe ndi mphepo ya mu Okutobala zinkandilanda mapepalawo kawirikawiri. Mwana amene waona “through” ndi “thorough” atagundizana pakhoma kwa miyezi itatu amazindikira yekha kuti winayo ali ndi o woonjezera.

Wophunzira za ziyankhulo, kwawo kwa Tengani

Bambo a pa Boma afotokoza bwino za mabanja, ndiye ine ndingoyankhako funso lachitatu lija, la chifukwa chake, popeza nkhaniyi tinaiphunzirako ku Zomba.

Zilembo za g ndi h sizinaikidwe kuti zizunze ana. Kale zinkaimira liwu lenileni lotulukira kukhosi, longa limene munthu amatulutsa akamakhosomola pang’onopang’ono. M’Chingerezi chakale, cha zaka zoposa 1,000 zapitazo, liwuli linkalembedwa ndi h: “through” anali “thurh”, “bought” anali “bohte”, “brought” anali “brohte”. A Norman olankhula Chifalansa atalanda dziko la England mu 1066, kalembedwe kanayamba kusintha, ndipo patapita nthawi alembi anakhazikika pa “gh” polemba liwu la kukhosilo. Pa nthawi imeneyo munthu ankalemba zimene ankatchula, monga timachitira m’Chichewa.

Chimene chinachitika ndi chakuti pakamwa panapitirira kusintha pomwe pepala linaima. William Caxton anakhazikitsa makina osindikizira mabuku ku Westminster mu 1476, ndipo mabuku atachuluka kalembedwe kanayamba kuuma. M’zaka zomwezo ndi zotsatira zake, anthu a ku London ndi madera ozungulira anasiya kutchula liwu la kukhosi lija. M’mawu ena linangosowa, monga mu “though”, “plough”, “night” ndi “daughter”. M’mawu ena linasanduka f, monga mu “rough”, “cough”, “enough” ndi “laugh”. Mavawelo nawonso ankasuntha m’zaka za pakati pa 1400 ndi 1700, komanso mawuwa kuchokera pachiyambi sanali ndi vawelo imodzi, n’chifukwa chake lero akumveka mosiyanasiyana chonchi. Pamene Samuel Johnson ankatulutsa mtanthauziramawu wake mu 1755, anasunga kalembedwe kakaleko. Ku America, Noah Webster, amene mtanthauziramawu wake waukulu unatuluka mu 1828, anafewetsa mawu ena, ndipo mpaka lero kumeneko amalemba “plow” ndi “draft” pomwe ku Britain amalemba “plough” ndi “draught”. Ife m’sukulu zathu timatsatira kalembedwe ka ku Britain, koma ana a pa foni akuona mitundu yonse iwiri, ndiye ndi bwino kuwachenjeza.

Pali zinthu ziwiri zimene zingathandize m’kalasi. Choyamba, “through” ndi “thorough” kale anali mawu amodzi. Kuchita chinthu mwa “thorough” ndi kuchidutsa chonse kuyambira uku mpaka uko, ndipo tanthauzo lakalelo likuonekabe mu “thoroughfare”, msewu wodutsa. Chachiwiri, “drought” ndi m’bale wake wa “dry”, monga “height” alili kwa “high”, choncho t wakeyo si wa nthawi yapita ngati wa mu “bought”. Akufanana ndi aneni aja pa maonekedwe pokha, koma mtundu ndi wina.

Liwu la kukhosilo silinafe konsekonse. Ku Scotland, kwawo kwa David Livingstone amene anakwera mtsinje wa Shire uno mu 1859, likumvekabe mu “loch”, kutanthauza nyanja, ndipo olankhula Chisikoti amati “nicht” m’malo mwa “night”.

Tikayerekeza ndi kwathu, Chichewa chimawerengeka mosavuta chifukwa kalembedwe kake ndi kamwana. Mtanthauziramawu wa Chimang’anja wa David Clement Scott wa ku Blantyre Mission unatuluka mu 1892, ndipo malamulo a kalembedwe ka Chichewa amene timatsatira anakonzedwa mu 1973 n’kuunikidwanso mu 1990. Pakamwa sipanathawe patali ndi pepala. Ngakhale zili choncho, taonani mmene tikukokanirana kale pa dzina la boma lathu, ena akulemba Chikwawa ena Chikhwawa, nkhani yake h yemweyo.

Wa ku Nchalo, pano ali ku Western Cape

Ine si mphunzitsi, ndimagwira ntchito m’munda wa mphesa kuno ku South Africa, koma zimene alemba achimwene a kwa Tengani zanditsegula m’maso, ndipo ndati ndiikirepo umboni. Liwu la kukhosi akunenalo ine ndimalimva tsiku lililonse, chifukwa anthu ambiri kuno amalankhula Chiafrikaans, chimene chinachokera ku Chidatchi, chiyankhulo chapachibale ndi Chingerezi. Iwo g amamutchula ngati munthu amene munga wa makakana wamuima pakhosi.

Mu 2017 ndi 2018, pamene madamu a mzinda wa Cape Town anatsala pang’ono kuphwa, mawu amene anali pakamwa pa aliyense anali “droogte”, ndiye “drought” wanu uja. Khasu la ng’ombe amati “ploeg”, ufa wokanda wa buledi amati “deeg”, zinthu zikakwana amati “genoeg”, usiku ndi “nag”, kuseka ndi “lag”, mwana wamkazi ndi “dogter”. Ikani mawu amenewa pambali pa “plough”, “dough”, “enough”, “night”, “laugh” ndi “daughter”, muona kuti paliponse pamene Mngerezi walemba “gh” koma osamutchula, kapena kumutchula ngati f, anzathuwa akutchulabe kukhosi. Zaka zonsezi ndakhala ndikuwamva mawuwa osadziwa kuti ndi pachibale.

Aphunzitsi a ku Bangula, m’midzi ya kwathu kuli agogo amene anapita ku migodi nthawi ya Wenela ndi TEBA, komanso anyamata ambiri obwerera ku Joni. Mutapeza mmodzi wodziwako Chiafrikaans n’kumuitana kuti adzatchule mawu asanu okha pamaso pa ana, ndikhulupirira kuti adzaseka mpaka misozi, koma adzamva ndi makutu awo liwu limene g ndi h ankaimira.

Mphunzitsi wa Sitandade 5 wa ku Muona

Ndawerenga zonse ndipo ndaphunzirapo zambiri, koma bambo a pa Boma andikhululukire, pa mfundo imodzi sindikugwirizana nawo. Kupachika “though”, “through”, “thought”, “tough” ndi “thorough” pamalo amodzi kumathandiza mwana amene mawuwo akuwadziwa kale, amene wangotsala kuwasiyanitsa. Kwa mwana wofooka, amene ndi ambiri mwa ana amene ife a ku pulayimale timakutumizirani, kuwaona onse pamodzi ndi kumene kumabala chisokonezo. Ana amapasa ukawaona koyamba ali limodzi suwasiyanitsa, koma ukazolowerana ndi mmodzi kaye, winayo umamudziwa msanga. Ine ndimaphunzitsa mawu amodzi sabata ino, enawo pakapita masabata awiri, ndipo ndimawakumaniza pokhapokha onse akakhazikika.

Tisaiwalenso kuti mwana wa kuno Chingerezi ndi chiyankhulo chake chachitatu. Kunyumba amalankhula Chisena kapena Chimang’anja, kusukulu waphunzira kuwerenga m’Chichewa kuti chilembo chilichonse chimatchulidwa, ndiye akaona zilembo 7 mu “through” amafuna kuti zonse zimveke. Chimene chimandithandiza ine ndi kuyambira pa mawu amene tinabwereka kale, amene mwana amawatchula bwino asanalowe n’komwe m’kalasi. Pulawo amamudziwa, ndipo m’mawu amenewo muli kale kamvekedwe ka “plough”, mongofunika kuchotsa u ndi kufupikitsa kumapeto. Madonasi amawagula pa geti ya sukulu, ndipo “do” wa kumayambiriro ndi “dough” wa mu “doughnut”. Pa mpira amadandaula kuti mnzawo akusewera rafu, ndipo amalume awo amasewera dirafuti pansi pa mtengo, amene ku Britain amalembedwa kuti “draughts”. Mwana akazindikira kuti katchulidwe anali nako kale, chotsala ndi kalembedwe kokha, mantha amachepa.

Vuto lina limene palibe walitchula si la “ough” konse koma la kumayambiriro kwa mawuwa. M’Chichewa “th” ndi t wotuluka ndi mpweya, monga mu thonje, thobwa ndi Thabwa. Choncho mwana amatchula “thought” ndi “taught” pafupifupi chimodzimodzi, “though” ndi “tough” n’kumayamba mofanana, ndipo zimene khutu silisiyanitsa dzanja silingasiyanitse. M’Chingerezi “th” ndi wa mitundu iwiri, yonse yoika lilime pakati pa mano: wa mu “though” amanjenjemeretsa pakhosi monga wa mu “the” ndi “this”, pomwe wa mu “thought”, “through” ndi “thorough” ndi mpweya wokha monga wa mu “think”. Ine ndimawauza kuti agwire pakhosi ndi chala potchula. Amachita manyazi kutulutsa lilime, makamaka atsikana okulirapo, koma patapita masiku amazolowera.

Chomaliza, mawuwa asaphunzitsidwe ali okhaokha koma ndi anzawo amene amayenda nawo. “Though” ayende ndi “even though” ndi “as though”. “Through” ayende ndi zinthu zodutsidwa, “through the river”, “through the reeds”, ndipo r wakeyo mwana amukumbukire ndi r wa “river” ndi “road”. “Thought” ayende ndi “I thought that”. Mu Fomu 2 mukhoza kuonjezera zining’a monga “food for thought”, kutanthauza nkhani yofunika kuilingalira mofatsa, “through thick and thin”, kukhala ndi munthu pa mtendere ndi pa mavuto pomwe, “plough back”, kubwezera phindu mu bizinesi monga achitira mlimi wa thonje akagula mbuzi m’malo modya ndalama zonse, ndi “enough is enough”, amene ana amawamva kale kwa andale.

Mphunzitsi wa ku Bangula

Ndikuthokoza nonse, bambo, mayi ndi achimwene. Padutsa masabata awiri ndipo ndati ndibwere ndifotokoze mmene zayendera. Mu Fomu 2 ndatsatira njira ya bambo a pa Boma: mabanja ali pakhoma ndipo lembetso la Lachisanu layamba. Kanzeru ka a wa mu “catch” ndi “teach” kagwira msanga kuposa china chilichonse. Mu Fomu 1 ndamvera mayi a ku Muona, pakuti nditayesa kuika mawu asanu aja pabolodi nthawi imodzi ndinaona ndekha nkhope zikugwa. Tayamba ndi pulawo ndi madonasi, ndipo “thorough” ndamusungira teremu yamawa. Lilime pakati pa mano likadali nkhondo.

Munthu wodziwa Chiafrikaans sindinamupeze, koma ndinawerenga mawu aja ndekha mmene ndinathera, ndipo tsopano anyamata akutchula “drought” mokhosomola dala pofuna kuseketsa anzawo, zimene ndikuopa kuti zingawakanirire. Wina wokonda mpira anabweretsa dzina la timu ya Middlesbrough, ndipo tinagwirizana kuti ndi wa banja la “borough”.

Koma ndabwera ndi ngongole ina. Mtsikana uja amene anati “droti” anandifunsa kuti, ngati chilala sichimvera lamulo, nanga bwanji “flood” samveka ngati “food” kapena “good”, pomwe onse ali ndi “oo”. Ndamulonjeza yankho Lolemba.

Wophunzira za ziyankhulo, kwawo kwa Tengani

Aphunzitsi, muuzeni kuti kale “food”, “good”, “flood” ndi “blood” onse anali ndi vawelo imodzi yokoka. “Food” anaisunga yokokabe. “Good” anaifupikitsa mochedwa n’kuima pomwepo. “Flood” ndi “blood” anaifupikitsa msanga, choncho pamene u wamfupi wa m’mawu ngati “mud” ndi “cut” ankasintha m’zaka za m’ma 1600, iwonso anatengedwa nawo, n’chifukwa chake lero “flood” amamveka mofanana ndi “mud”. Pa mawu a “oo” amene adzakumane nawo, omveka chonchi ndi awiri okhawo, ndiye awalembe pa mzere umodzi ndi “mud” kumapeto kwa kope lake.